Kusanthula deta ya mankhwala a malungo pa laputopu: kuyambira fayilo yaiwisi mpaka galafu yodalirika

Mu 2010 kampani ya GSK inatulutsa poyera zotsatira za ntchito imene inachitika ku labu yake ya ku Tres Cantos, m'dziko la Spain. Anayesa ma compound pafupifupi 2 miliyoni pa tizirombo ta malungo ta Plasmodium falciparum, ndipo 13,533 amene anaonetsa mphamvu anawaika pa intaneti kuti aliyense awagwiritse ntchito. Chaka chotsatira bungwe la Medicines for Malaria Venture la ku Geneva linasankha ma compound 400 n'kupanga Malaria Box. Deta imeneyi ilipobe, ndipo munthu wokhala pa Dedza boma kapena pa Ntcheu amene anaphunzira chemistry, biology kapena ntchito za m'labu angathe kuisanthula pa laputopu ya RAM ya 8 GB. Makinawo amakwanira. Chimene chimaononga ntchito zambiri zoterezi n'chakuti manambala amene sayenera kukhala pamodzi amathiridwa mu column imodzi, galafu n'kutuluka yokongola koma yonama. N'chifukwa chake malangizowa akhalitsa pa kuyeretsa kuposa pa kujambula.

Konzani pogwirira ntchito

Pangani mafoda atatu: yaiwisi, yoyeretsa, zithunzi. Fayilo imene mwatsitsa pa intaneti ilowe mu foda yoyamba ndipo isakhudzidwenso. Kusintha kulikonse kuchitike pa kope. M'kafayilo kapadera lembani tsiku limene mwatsitsa ndi nambala ya version ya ChEMBL (nkhokwe ya pa intaneti ya zotsatira za kuyesa ma compound) imene mwagwiritsa ntchito, pakuti nkhokweyi imasinthidwa nthawi ndi nthawi ndipo mnzanu wotsitsa chaka chamawa sadzapeza mizere yofanana ndi yanu.

Ikani Python pamodzi ndi pandas (ya matebulo), RDKit (ya kapangidwe ka ma compound) ndi matplotlib (ya magalafu). Ngati simunazolowere kulemba script, DataWarrior ndi yaulere, imawerenga SMILES (kapangidwe ka compound kolembedwa ngati mzere wa zilembo), imajambula ma compound ndipo ikatsitsidwa siifunanso intaneti. Tsitsani zonse tsiku limodzi muli pamalo pamene netiweki ikugwira bwino, kenaka sungani kope pa flash. Script yanu muigawe m'zigawo zing'onozing'ono, chilichonse chizisunga zotsatira zake chikatha, kuti magetsi akathima batire n'kutha musayambirenso poyamba.

Excel muisamale. Imathera pa mizere 1,048,576, ndipo fayilo yaikulu kuposa pamenepo imadulidwa. Ilinso ndi khalidwe losandutsa maina ena a majini kukhala madeti: SEPT2 imakhala 2 September, MARCH1 imakhala 1 March. Vutoli linakula mpaka mu 2020 komiti yopereka maina a majini a munthu inasintha mainawo kukhala SEPTIN2 ndi MARCHF1, koma mafayilo akale akadali ndi maina akalewo.

Tengani deta yoyankha funso limodzi

Lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi musanatsitse kanthu. Lathu likhale ili: ndi ma compound ati amene amapha tizirombo tomva chloroquine ndi tosamva chloroquine mofanana, koma osaononga maselo a munthu? Kwa Amalawi funsoli si lachilendo. Mu 1993 dziko lino linali loyamba mu Africa kusiya chloroquine n'kutenga SP, ndipo mu 2007 SP nayo inalowedwa m'malo ndi LA. Mankhwala atsopano amene tizirombo tosamva akale titaalambalale pa tsiku loyamba alibe phindu.

Pa ChEMBL, nkhokwe ya EMBL-EBI ku Hinxton ku England, fufuzani Plasmodium falciparum, nambala yake CHEMBL364, n'kutsitsa zotsatira za IC50 zokha, kutanthauza mlingo wa compound umene umaletsa theka la kukula kwa tizirombo. Nkhokwe yonse ndi ya magigabayiti ambiri, musathere bandulo pa iyo. Fayilo ya CSV yochokera pa tsambali imalekanitsa ma column ndi semicolon, choncho muuze pandas zimenezo, apo ayi zonse zidzaunjikana mu column imodzi. Zofunika kusunga ndi nambala ya compound, SMILES, standard type, standard relation, standard value, standard units, data validity comment, nambala ya assay (njira yoyesera imene inagwiritsidwa ntchito ku labu) ndi mawu ofotokoza assay.

Kuyeretsa

Yambani ndi mayunitsi. Pa msika wa Lizulu palibe amene amayerekeza mitengo ya kachewere asanaone kukula kwa ndowa ya wogulitsa aliyense, ndiye musayerekezenso IC50 musanaone ngati ili mu nM, µM kapena µg/mL. Werengani kuti yunitsi iliyonse ili ndi mizere ingati. Ya µM muichulukitse ndi 1,000 kuti ikhale nM. Ya µg/mL muichulukitse ndi 1,000,000 n'kugawa ndi molecular weight ya compound: chloroquine, amene kulemera kwake kuli pafupifupi 320, pa 1 µg/mL ndi 3,125 nM. Mzere wopanda yunitsi uchotsedwe, ngakhale nambala yake ikuoneka yabwino chotani.

Kenaka onani column ya relation. Mzere wolembedwa kuti >10000 ukutanthauza kuti oyesawo anafika pa mlingo wawo wapamwamba compound isanaphe theka la tizirombo. IC50 yake yeniyeni ingakhale 12,000 kapena 900,000. Mukasiya chizindikirocho n'kutenga nambala yokha, histogram yanu idzatuluka ndi mulu waukulu pa 10,000 nM umene si wa chilengedwe. Mizere yotere musaitaye, chifukwa kudziwa zimene sizigwira ntchito n'kothandiza, koma muipatule ndi chizindikiro chakuti yopanda mphamvu. Mizere imene data validity comment yake ili ndi mawu ochenjeza muiike pambali.

Tsopano sandutsani IC50 kukhala pIC50: tengani 9 n'kuchotsapo log10 ya nambala ya nM. 10 nM ikhala 8, 100 nM ikhala 7, 1,000 nM ikhala 6; nambala ikakula, mphamvu yakula. Chifukwa chake n'choonekeratu mukafuna kuphatikiza zotsatira ziwiri za compound imodzi. Avareji ya 10 nM ndi 1,000 nM ndi 505 nM, imene yapendekera kwambiri ku nambala yaikulu. Avareji ya 8 ndi 6 ndi 7, kutanthauza 100 nM, pakati penipeni. Komabe compound imene zotsatira zake zasiyana choncho, ndi mayunitsi awiri a log, si yoti mungoitengera avareji. Lamulo labwino ndi ili: ngati kusiyana kwapitirira yunitsi imodzi, bwererani ku mawu ofotokoza assay mukaone chimene chachitika.

Kawirikawiri mudzapeza chimodzi mwa zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtundu wa tizirombo. 3D7 ndi NF54 zimamva chloroquine. Dd2, K1 ndi W2 sizimva. Chloroquine yemweyo amatuluka ndi IC50 ya ma nM makumi ochepa kapena kutsikirapo pa 3D7, koma yopitirira 100 nM pa Dd2. Pangani column yatsopano ya mtundu pofufuza mainawa m'mawu ofotokoza assay, ndipo avareji itengedwe mkati mwa mtundu umodzi basi. Chachiwiri ndi nthawi. Kachirombo ka falciparum kamatenga maola 48 kuti kamalize ulendo wake m'selo lofiira la magazi. Mankhwala ngati doxycycline, clindamycin ndi azithromycin amaononga kachiwalo kotchedwa apicoplast, ndipo tizirombo timafa pa ulendo wachiwiri. Pa assay ya maola 48 amaoneka ofooka, pa ya maola 96 amaoneka amphamvu. Onse awiri manambalawo ndi oona; kuwasakaniza ndiye kulakwa.

Chomaliza ndi ma compound obwerezedwa. Chloroquine ndi chloroquine phosphate angakhale ndi nambala zosiyana pomwe chinthu chogwira ntchito n'chimodzi. Mu SMILES, dontho limalekanitsa zidutswa, ndipo RDKit ili ndi njira yosunga chidutswa chachikulu n'kutaya mcherewo. Mukatero pangani InChIKey ya compound iliyonse, chizindikiro cha zilembo 27 chochokera ku kapangidwe kake, n'kugwiritsa ntchito iyoyo pozindikira zobwerezedwa. Musamadalire maina, compound imodzi imatha kukhala ndi maina khumi. Pa sitepe iliyonse lembani kuti munali ndi mizere ingati ndipo yatsala ingati. Ngati sitepe imodzi yadya theka la deta, imani muone chifukwa.

Mukapatsidwa manambala ochokera pa plate

Nthawi zina deta imabwera kuchokera ku labu isanawerengedwe, ili manambala a kuwala ochokera m'makina, monga pa assay ya SYBR Green imene imayesa kuchuluka kwa DNA ya tizirombo. Plate ya timaenje 96 ili ndi mizere 8 ndi ma column 12. Ya timaenje 384 ili ndi 16 ndi 24. Musanawerenge chilichonse, jambulani plate iliyonse monga ilili, kadzenje kalikonse kapakidwe utoto malinga ndi nambala yake. Maso amagwira msanga zimene tebulo limabisa. Mphete ya utoto wosiyana kuzungulira m'mbali ndi chizindikiro chakuti madzi anauma m'timaenje takunja pa masiku atatu a mu incubator. Mzere umodzi wotuwa kuyambira uko mpaka uko ndi nsonga ya pipette imene inatsekeka. Utoto wosintha pang'onopang'ono kuchoka kumanzere kupita kumanja umasonyeza kuti maselo anadikha m'chotengera pamene ankagawidwa.

Kenaka yesani plate ndi Z-prime, muyeso umene unafalitsidwa mu 1999. Pamafunika magulu awiri a timaenje toyerekezera: tokhala ndi DMSO yokha (chosungunulira ma compound), mmene tizirombo takula mosadodometsedwa, ndi tokhala ndi mankhwala odziwika amene apha tonse. Phatikizani ma standard deviation a magulu awiriwo, chulukitsani ndi 3, gawani ndi kusiyana kwa maavareji awo, ndipo chotsani yankholo pa 1. Tiyerekeze kuti gulu la DMSO lili ndi avareji 10,000 ndi deviation 600, gulu lophedwa lili ndi 1,000 ndi 100. Ndiye 700 kuchulukitsa 3 ndi 2,100, kugawa ndi 9,000 ndi 0.23, Z-prime ndi 0.77. Plate yabwino imeneyo. Deviation ya DMSO itakhala 1,500, Z-prime ikanatsika kufika 0.47, pansi pa malire a 0.5, ndipo plate yotere ndi yofunika kuibwereza.

Peresenti ya tizirombo toletsedwa iwerengedwe plate ndi plate, pogwiritsa ntchito timaenje toyerekezera ta plate yomweyo. Pa chitsanzo chathu kadzenje ka 4,600 kaletsa 5,400 pa 9,000, ndiye 60 peresenti. Kugwiritsa ntchito avareji ya ma plate onse kumachititsa kuti plate imene inawala mochepa tsiku limenelo ioneke ngati yodzaza ndi mankhwala amphamvu.

IC50 imatuluka mukakoka mzere wokhota wa four-parameter logistic pa milingo 8 mpaka 10 yochepetsedwa motsatizana. Mu R phukusi la drc limachita zimenezi. Koma kompyuta imapereka nambala ngakhale pamene palibe chomveka, choncho galafu iliyonse muione ndi maso. Ngati mzere sunagone pamwamba ndi pansi, kapena IC50 yatuluka kunja kwa milingo imene inayesedwa, lembani chizindikiro cha > kapena < m'malo mwa nambala.

Zithunzi zoyambirira

Galafu yoyamba ikhale histogram ya pIC50. Mulu wachiwiri wotalikirana ndi woyamba ndi mayunitsi atatu enieni ndi chizindikiro chakuti µM ndi nM zasakanikirana penapake.

Yachiwiri ndiyo ikuyankha funso lathu. Pa mzere wogona ikani pIC50 ya 3D7, pa woimirira ya Dd2, kadontho kamodzi pa compound iliyonse imene inayesedwa pa mitundu yonse iwiri. Mizere iwiriyo ikhale ndi malire ofanana, tinene 4 mpaka 10, ndipo kokani mzere wodutsa pakati kuchokera pa ngodya ya m'munsi kumanzere. Timadontho tokhala pa mzerewo, chakumtunda kumanja, ndi timene mukufuna. Timene tagwera pansi pake ndi ma compound amene Dd2 ikuwakana. Lembani maina pa timadontho ta chloroquine, mefloquine ndi artemisinin. Chloroquine akapanda kugwera pansi pa mzere, cholakwa chili m'kuyeretsa kwanu, bwererani. Timadontho tikapitirira zikwi zingapo timaphimbana, choncho tipangeni tooneka modutsa kapena gwiritsani ntchito hexbin. Pa utoto sankhani viridis, imene imawerengeka ngakhale itasindikizidwa pa makina opanda utoto, ndipo pewani kudalira chofiira ndi chobiriwira chifukwa anthu ena sasiyanitsa mitundu iwiriyi.

Chenjezo limodzi lokhudza artemisinin: kusamva kwa tizirombo kochokera ku jini ya kelch13, monga R561H imene inapezeka ku Rwanda, sikuoneka bwino pa IC50 wamba. Pamafunika ring-stage survival assay, pamene tizirombo tating'ono ta maola 0 mpaka 3 timaikidwa mu dihydroartemisinin wa 700 nM kwa maola 6, totsala n'kuwerengedwa pa maola 72. Galafu ya IC50 isakupangitseni kunena kuti vutolo palibe.

Mabanja a ma compound

Mndandanda wa ma compound 50 amphamvu kwambiri ungakhale wa abale okhaokha a chloroquine. Kuti muone mabanja, pangani Morgan fingerprint (chidule cha zidutswa za kapangidwe) ya radius 2 ndi ma bit 2048 pa compound iliyonse, yerekezani ndi Tanimoto, muyeso wa kufanana umene umayenda kuchokera 0 mpaka 1, n'kugawa magulu ndi njira ya Butina. Apa ndi pamene laputopu imatsamwa. Ma compound 13,533 amapanga mapeyala oposa 91 miliyoni, amene amadya pafupifupi 730 MB akasungidwa pa mabayiti 8 nambala iliyonse, ndipo mu list wamba ya Python amadya kuposa pamenepo. Ma compound 100,000 amafuna 40 GB. Choncho gawani magulu mutasefa kale, mwachitsanzo pa okhawo a pIC50 yoposa 6.

Banja la ma compound khumi amene mphamvu yawo ikukwera ndi kutsika malinga ndi kusintha pang'ono kwa kapangidwe n'lodalirika kuposa compound imodzi yoyenda yokha ya pIC50 ya 9, imene ingakhale yodetsedwa kapena yolembedwa molakwika. Mapu a UMAP ndi t-SNE amathandiza kuona mabanjawa, ndipo amakongola pa msonkhano, koma mtunda wa pakati pa zisumbu ziwiri pa mapuwo sutanthauza kanthu kodalirika, ngakhalenso kukula kwa chisumbu. Jambulani katatu mukusintha random seed ndi chiwerengero cha oyandikana. Gulu limene likutulukabe nthawi zonse ndilo loti mulikhulupirire. Ngati mukuphunzitsa model yolosera mphamvu, gawani deta yophunzitsira ndi yoyesera potsata mabanja. Mukagawa mwachisawawa, abale amagwera mbali zonse ziwiri, model n'kukhoza mayeso amene yaonera kale.

Kusefa

Compound yopha tizirombo ingakhale poizoni wamba. Fufuzani zotsatira zake pa maselo a munthu, kawirikawiri maselo a chiwindi otchedwa HepG2, gawani CC50 (mlingo wopha theka la maselowo) ndi IC50, ndipo yankho likhale osachepera 10. Ambiri amafuna 100 kapena kuposa. Yendetsaninso sefa ya PAINS ya mu 2010, imene ili kale mu RDKit, yozindikira zidutswa zimene zimanamiza ma assay ambiri. Ikani chizindikiro pa zogwidwazo, musafufute.

Malamulo a Lipinski a mu 1997, oyerekeza ngati compound ingakhale mankhwala akumwa, nawonso akhale chizindikiro chabe: kulemera kosapitirira 500, logP (muyeso wa kukonda mafuta kuposa madzi) yosapitirira 5, opereka hydrogen bond osapitirira 5, olandira osapitirira 10. Lumefantrine wa mu LA amalemera pafupifupi 529 ndipo sasungunuka m'madzi, ndiye amaswa malamulo awiri. N'chifukwa chake wodwala ku chipatala amauzidwa kumwa LA atadya chakudya cha mafuta pang'ono, phala lothira nsinjiro kapena mkaka. Sefa yokhwima ikanataya mankhwala amene dziko lonse likudalira lero.

Deta ya majini

Pofuna kudziwa mmene compound imagwirira ntchito, ena amayerekeza RNA ya tizirombo topatsidwa mankhwala ndi tosapatsidwa. Falciparum ali ndi majini oposa 5,000 pa ma chromosome 14. Mukayesa majini 5,000 pa malire a p ya 0.05, pafupifupi 250 adzaoneka osintha mwangozi chabe, choncho gwiritsani ntchito p yokonzedwa ndi njira ya Benjamini-Hochberg, imene DESeq2, phukusi la R losanthula deta ya RNA, imapereka mu column ya padj. DESeq2 imafuna manambala aiwisi owerengedwa, osati TPM, ndipo gulu lililonse likhale ndi zitsanzo zosachepera zitatu zolimidwa padera.

Volcano plot (galafu ya majini osintha) isanajambulidwe, jambulani PCA, galafu yoonetsa zitsanzo zofanana ndi zosiyana. Ngati zitsanzo zikugawikana potsata tsiku limene zinakonzedwa m'malo motsata mankhwala, mukuyesa tsiku. Palinso msampha wa malungo okha: majini ambiri a kachiromboka amayaka ndi kuzima motsata ulendo wa maola 48 uja, ndiye mankhwala ongochedwetsa kukula ndi maola ochepa amasintha majini mazanamazana amene alibe mbali pa ntchito yake. Yerekezani ndi deta ya magawo a ulendowo ya pa PlasmoDB, nkhokwe ya majini a Plasmodium, ndipo gwiritsani ntchito nambala za majini, monga PF3D7_0709000 ya pfcrt ndi PF3D7_1343700 ya kelch13, osati maina afupi.

Za zitsamba ndi za odwala

Ambiri kuno amayamba ndi zitsamba. Madzi otchezedwa ku masamba kapena makungwa ali ndi ma compound ambirimbiri osadziwika, alibe molecular weight imodzi, choncho amakhala mu µg/mL ndipo sangalowe pa galafu ya pIC50. Apangireni tebulo lawo lokhala ndi dzina la sayansi la mtengo, gawo lotengedwa, mwezi, malo ndi chosungunulira. Mtengo wa ku Bembeke kozizira ndi mnzake wa ku Golomoti kotentha angasiyane mphamvu, ndipo popanda column ya malo kusiyanako kudzaoneka ngati kulakwa kwa labu. Zotsatira za pa plate si chilolezo chopatsa munthu mankhwala. Mu 2019 WHO inanena kuti siivomereza kuchiza malungo ndi tiyi wa Artemisia. Deta yochokera ku magazi a odwala imafuna chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku monga NHSRC, ndipo maina, midzi ndi manambala a foni zichotsedwe fayilo isanalowe pa laputopu.

Chopereka kwa anzanu

Tebulo lomaliza likhale lalifupi, ma compound 20 mpaka 30, osapitirira atatu pa banja lililonse. Pa compound iliyonse lembani nambala ya ChEMBL, chithunzi cha kapangidwe, pIC50 ya 3D7 ndi ya Dd2, kuchuluka kwa zoyesa zimene zapereka nambala iliyonse, CC50, ndi zizindikiro za PAINS ndi Lipinski. Malo opanda deta asiyidwe opanda kanthu, osalembapo 0. Pamodzi ndi tebulo tumizani script, kafayilo ka masiku kaja ndi chiwerengero cha mizere yotsala pa sitepe iliyonse. Magalafu asungidwe mu PDF kapena mu PNG ya 300 dpi, ndipo potumiza pa WhatsApp muwatumize ngati document, chifukwa akapita ngati chithunzi amafinyidwa, manambala a m'mbali n'kusiya kuwerengeka.